Wodikira pa Geti la Ndende

Amene anandiuza nkhaniyi ndi Mayi Mainess, ogulitsa mtedza wokazinga pa Mwami, tsiku lina nditasowa galimoto. Ndi nkhani ya mlongo wawo, Paison.

Paison analowa m'ndende katatu. Abale anali atatopa naye, moti akatuluka ankapeza munthu mmodzi yekha pageti: Boyd, amene ankaba naye njinga ku Nabvutika. Boyd ankamugulira chakudya n'kumunong'oneza za kantchito. Miyezi iwiri isanathe, Paison wabwereranso m'kati.

Akutuluka kachitatu, msilikali wa ndende anamuseka.

"Bulangete lako tikusungira, Paison. Usachedwe."

"Mupatseni wina, bwana."

Boyd anali kale pansi pa mtengo ndi njinga. "Kwera, mwana wakwathu!"

"Pita. Miyendo ndili nayo."

Anayenda wapansi mpaka kwa Mainess. Alamu ake anamugoneka kukhitchini, njinga yawo n'kuimangirira kumwendo wa bedi ndi tcheni.

M'ndende muja Paison anali ataphunzira kukhoma mbaula. Anayamba kutola malata otha. Anthu ankainyamula mbaula, kuitembenuza, n'kufunsa: "Wasasula denga la ndani?" Miyezi itatu, wogula osaoneka. Boyd anabwera kawiri, kawiri konse anabwerera yekha.

Kenako Mainess anatenga mbaula imodzi n'kumakazingirapo mtedza. Amayi anzake ataona kuti siidya makala, anayamba kuitanitsa.

Papita zaka zisanu ndi ziwiri. Paison ali ndi shedi yakeyake, ndipo akamva kuti wina akutuluka, amalawirira kugeti lija kuti afike Boyd asanafike. Amapita panjinga yogula yekha, lisiti lili m'thumba.

"Wabwerera?" amatero msilikali uja.

"Ndabwera kudzatenga, bwana, osati kudzagona." Ndiye amatembenukira wotulukayo: "Kwera, mphwanga. Nyundo ikukudikira."

Inu amene mwatuluka, musataye mtima ngakhale akufunseni za denga. Inu amene muli ndi wanu m'kati, kaimeni pageti tsiku lake, chifukwa mukapanda kupita, wina apita.

Mayi Mainess akuti mwa anthu khumi ndi anayi amene Paison wawatenga, palibe wabwerera. Apo ine ndikukayika. Ndayenda kwambiri, ndipo ndikudziwa mmene mlongo amakometsera. Nditafika kushediko ndinapeza anayi okha. Koma anayiwo ndinawaona ndi maso angawa, akukhoma malata mpaka makutu kuwawa.