Chitenje cha Kompyuta

Fungo la sipiriti wopaka m'manja kunyumba ya okalamba komwe ndimagwira ntchito kuno ku Sheffield limandikumbutsa kompyuta ya kusukulu kwathu.

Inali imodzi yokha, ndipo ahedi ankati mavairasi amalowamo ndi fumbi. Polowa m'chipinda chake tinkavula nsapato, opanda nsapato ankatsuka mapazi, kenako tonse sipiriti m'manja. Poti ndinali wofatsa, anandipatsa udindo woifunditsa chitenje tikamaweruka.

Lachisanu lina ndinaiwala. Lolemba kompyuta inangoti zii, mafunso onse a mayeso osaoneka. Ahedi anati ikapanda kudzuka, ine sukulu yathera pomwepo.

Mwamwayi azakhali anga, omwe ankaphunzira za mavairasi a makompyuta ku Mangalande, anali atabwera kutchuthi. Ndinawaululira ndikulira.

"Ndiye waipha ndi chisanu, mwana wa achimwene?" anatero, n'kundigwira dzanja mpaka kusukulu. Analowa ndi nsapato zawo, osavula. Atabayabaya mabatani, anafunsa: "Ahedi, fulashi yanuyi munailowetsako kuti?"

"Kumsika, mayi. Kokaikitsa nyimbo za kwaya basi."

"Ndi komwe mudakatenga matendawa. Chitenje chilibe mlandu, mwanayunso alibe."

Kompyuta itadzuka, ahedi anatsokomola, n'kundiuza kuti ndipitirize kuifunditsa.

Lero azakhali amafufuza mavairasi payunivesite yakonkuno. Akabwera kwanga amavundukula kansalu ka pa laputopu yanga n'kufunsa ngati wodwala wagona bwino. Ndikudziwa kuti kansaluko sikathandiza kanthu, koma sindinaiwalenso ngakhale tsiku limodzi.