Mlendo wa Achemwali

Ndili Fomu 1 ndinkakhala ndi achemwali anga ku Senga Bay, m'kachipinda ka lendi kuseri kwa matandala oyanikapo usipa. Amayi anatsala ku Maganga ndi minda. Kusukulu ndinalibe mnzanga. Kumeneko wolankhula Chichewa ankapatsidwa chibalo chosesa, ndipo ine ndikayesa Chingerezi lilime linkauma, ena n'kumaseka. Ndinasankha kungokhala chete. Mawu anga onse a tsikulo ndinkasungira achemwali.

Iwo ankatsuka mbale pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja. Akaweruka ankandipeza pakhonde, n'kukhala pansi. "Tatiuza, lero wakuputa ndani?" Ndinkafotokoza mpaka mpunga kupsa.

Kenako abwana a palojipo analemba mphunzitsi woti aziphunzitsa antchito Chingerezi masana, alendo akapita kukasambira. Akuti anatopa ndi kuitanidwa pa chilichonse. Mlendo akafuna thaulo, aitane abwana. Akafunsa za boti, aitane abwana. Antchito ankangomwetulira n'kuthawira kukhitchini. Abwanawo analonjeza kuti ochita bwino adzapita kutsogolo kukaperekera zakudya, ndipo alendo akachepa nthawi ya mvula sadzaimitsidwa ntchito.

Achemwali anabwera ndi lamulo la aphunzitsi awo: kunyumbanso Chingerezi chokhachokha.

"Khala apa," anatero akundikokera mpando. "Iwe ndiwe mlendo. Itanitsa chakudya."

"Achemwali, ine..."

"Ayi, mzungu sati achemwali. Taonani mzungu wanga wa mapazi ong'aluka! Tiye, itanitsa chambo."

Ndinaseka, koma mawu sanatuluke. M'kope ndinkalemba Chingerezi chabwino ndithu, pakamwa pokha ndiye panali potseka. Iwo ankandifunsa ngati ndagona bwino, ngati ndikufuna tiyi kapena khofi, ine n'kumangogwedeza mutu. Zoti wandiputa ndani sanaphunzire kufunsa m'Chingerezi, choncho funsolo linangosowa m'nyumbamo.

Tsiku lina ndinayamba kuwauza m'Chichewa kuti mtsikana wina wandibisira nsapato m'kalasi. Anandidula.

"Iwe, usandibweze m'mbuyo. Ndikalephera, mvula ikagwa tonse tikalima ku Maganga, sukulu yako n'kuthera pomwepo."

Sanakalipe ayi, ndipo ankanena zoona. Nkhani ya nsapatoyo ndinailemba m'kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku. Chaka chimenecho kabukuko kanadzaza msanga.

Achemwali anakhoza. Abwana anawapatsa malaya oyera ndi siketi yakuda. Ankati tsopano abwana amapita ku Salima kukagula katundu mtima uli m'malo, ndipo alendo amakhalitsa patebulo n'kuitanitsa zina chifukwa pali wocheza nawo. Ena ankabweranso n'kumafunsa za iwo. Ndinkawaona akuchoka m'mawa atasita malaya aja, ndipo ndinkanyadira kwambiri.

Ndinaganiza kuti ngati njira yowapezera ndi Chingerezi, ndiyenda yomweyo. Pochokera kusukulu ndinkayeseza ndekha pansipansi, kudutsa pakati pa akabaza, mawu ofotokoza momwe tsiku langa layendera. Munthu akandiyang'ana ndinkanamizira kutsokomola.

Litafika tsiku limene ndinaona kuti ndakonzeka, ndinawadikira pakhonde. Atangofika ndinaimirira, manja kumbuyo ngati m'kalasi, n'kuyamba. Mawu anatuluka, omveka ndithu.

Iwo anavula nsapato, natsamira khoma, maso ali otseka.

"Mng'ono wanga, chonde," anatero m'Chichewa. "Ndalankhula kuyambira m'mawa, nsagwada zikuwawa. Tingokhala chete pang'ono."

Ndinalowa m'nyumba, ndinathira madzi m'beseni, n'kuwaikira kumapazi. Anaviika mapaziwo osatsegula maso. Ndinakhala pambali pawo, mawu otsala aja ndikuwabwereza mumtima kuti ndisawaiwale, mwina mawa adzafika asanatope.