Wakutali amauzidwa pambuyo

Ndinachoka ku Lufita chaka chimene feteleza anatikanika kugula. Adada anandiperekeza mpaka pa Boma akukankha njinga, chikwama changa chili pakaliyala. Sanalankhule zambiri. Anangoti, "Ukakafika uzititumizira mawu."

Ku Joni ndinapeza ntchito ya m'dimba la maluwa kwa mzungu wina. Ndalama ndinkatumiza, koma kusungulumwa kunkandidya. Lamlungu ndinkakhala ndekha m'kachipinda, kulankhula chilambya ndi khoma.

Amayi atamwalira sindinabwere. Basi ikanandifikitsa ataikidwa kale, ndipo ndege masiku amenewo inali ya mabwana. Kampani yakale ya ndege inkatchula mtengo umene yafuna, poti panalibe wopikisana nayo. Ndinangotumiza ya bokosi, n'kulira ndili pantchito.

Kenaka kunabwera makampani a ndege zotchipa. Chakudya sapereka, chikwama chachikulu umalipira pachokha, mawondo amagunda mpando wakutsogolo, koma munthu umafika. Yakale ija nayo itaona kuti anthu akuithawa inatsitsa mtengo. Ndinaimbira mlongo wanga Tusekile ndi chimwemwe. Ndinati, "Tsopano ndege ndikhoza kukwera. Adada akangodwala undiuze, ndifika akadali moyo."

"Yewo adumbu, tamva," anatero, kunena mwa kwathu kuti zikomo mlongo wanga.

Chilimwe china anandiuza kuti adada akutsokomola. Ndikaimba ankati agona, kapena foni ili kutali ndi iwo. Mtima unakana. Ndinakwera yotchipa ija kudzera ku Dar mpaka ku Mbeya, n'kulowa pachipata cha m'malire cha Isongole, osauza munthu.

Pakhomo ndinapeza patasesedwa bwino, azimayi akutsuka mapoto akuluakulu obwereka kutchalitchi. Atandiona anasiya kutsuka. Adada anali ataikidwa dzana lake. Anagona m'chipatala cha pa Boma sabata yonse, akundifunsa.

Ndinapsa mtima, sindibisa. Ndinafunsa Tusekile pamaso pa anthu chifukwa chimene sanandiitanire.

Sanakweze mawu. "Adumbu, ife kuno tinazolowera. Wakutali timamuuza tikachoka kumanda, kuti asavutike m'njira pachabe. Za ndegezo tinkayesa mukungotilimbitsa mtima."

Sanachite mwankhanza. Zaka zonsezi anaphunzira kudwazika ndi kuika maliro popanda ine, ndipo anazidziwa bwino ntchitozo. Madzulo ake akuluakulu atakhala pansi kukambirana za munda wa adada, ine anandipatsa mpando wa alendo.