Tsiku limene anandiimika pamzere

Sindinamvetsepo chimene mkulu woyandikana nane ku Maryhill amaukondera mpira wa ku America. Amaphunzitsa anyamata asanu ojintcha kutchingira mnzawo wonyamula mpira, ndipo mawu a mkuluyu sasintha: "Osathamangitsa munthu. Pondani limodzi, aliyense atseke malo ake."

Loweruka lina mnyamata mmodzi atajomba, mkuluyo anayang'ana mimba yangayi n'kundiimika pamzere wa otchingirawo. "A Dunstan, pasadutse munthu apa."

Koma ine kumishoni anandiphunzitsa kupatukira anthu. Chimnyamata cha timu yomwe tinkasewera nayo chitandilunjika, ndinachipatukira mwaulemu, ndipo chinakagwetsa wonyamula mpira uja.

"Phazi lachangu chonchi sindinalionepo, bambo," anatero mkuluyo. Ndisanakane chiyamikirocho, anavula wezulo, anandipatsira, n'kuchoka pabwalo kutsata ngalande ya pafupipo osacheuka. Anyamatawo anandifunsa kumene akupita. Inenso sindinkadziwa.