Shuga Ndinabisa, Mbale ya Alamu Ndinataya

Chizindikiro choyamba chinali ludzu. Unali mwezi wa Juni, nthawi imene kuno ku Bembeke munthu amatha tsiku osaganizako za madzi chifukwa cha chisanu, koma ine ndinkamaliza jagi yonse dzuwa lisanafike pamutu. Kenako ndinayamba kukodza pafupipafupi. Tsiku lina ndinaona nyerere zitaunjikana pamene ndinataya madzi kuseri kwa nyumba. Ndinaphunzitsa sayansi kupulayimale zaka zambiri ndisanapume, choncho tanthauzo lake ndinalidziwa bwinobwino. Ndinangofotsera ndi phazi n'kulowa m'nyumba.

Kuti mumve chimene ndinkaopa, ndiyambe ndafotokoza mmene ndimakhalira pamudzi pano. Kwathu ndi ku Mayani, kuno ndinabwera chikamwini. Mkazi wanga Anastaziya atamwalira, mwambo unkati andisudzule ndibwerere kwathu, kumene ndinachoka ndili mnyamata ndipo ondidziwa ambiri ali kumanda. Amene anakana ndi mkulu wake wa malemuyo, alamu anga a Felista. Anauza abale awo kuti, "Alamu akalambira pano. Ine ndikadali moyo, mbale yawo izichokera kwanga."

Kuyambira pamenepo masana aliwonse ankabwera okha ndi mbale ziwiri zovundikira: nsima ya ufa woyera, ndiwo, nthawi zina kachewere wokazinga wa m'dimba mwawo. Ankakhala pakhonde pang'ono n'kumandiseka kuti mimba yanga yakwana miyezi yake koma kuchipatala sindikupita. Thupi ndinali nalodi, ndipo ndinkanyada nalo. Ana anga awiri ali kutali, wina ku Mzuzu, wina ku Joni. Mbale imeneyo ndiyo inkandikhazika pamudzi pano, pafupi ndi manda a mkazi wanga.

Mu Ogasiti maso anayamba kuchita chidima. Lamulungu lina ndikuwerenga Mawu kutchalitchi zilembo zinasakanikirana, ndinamaliza ndi za pamtima. Lolemba lake ndinakwera minibasi kupita kuchipatala cha boma, pamudzi nditanama kuti ndikukaona za penshoni. Anandiuza kuti ndibwerenso m'mawa mwake ndisanadye kanthu. Ndinafika kukuzizira, n'kukhala pabenchi ya simenti, buku la kuchipatala lili m'manja. Pafupifupi aliyense pamzerepo anali ndi womuperekeza. Ine ndinali ndi ambulera yanga basi. Anandikweza pasikelo, anandibaya chala, ndipo cha m'ma leveni koloko ndinalowa kwa adokotala.

"Bambo, muli ndi matenda a shuga, ndipo thupili lachuluka," anatero. Anandilembera mapilisi a mitundu iwiri, lalikulu ndi kakang'ono. "Kakang'onoka mukamwa musakhale ndi njala. Amakuphikirani ndani? Ulendo wina mudzabwere nawo." Ndinayankha kuti ndimaphika ndekha.

Ndinanama chifukwa cha mantha. Kuno mkamwini akayamba kudwaladwala, anthu amayamba kukumbukira kuti ali ndi kwawo, ndipo mawu amakhala akuti abale ake akamuone asanafooke. Ndaonapo amuna anzanga akukwezedwa pangolo ndi tizikwama tawo. Ndinaganiza zothana nawo matendawa mwakachetechete, munthu asadziwe.

Njira ndinaipeza pagulu la pafoni la aphunzitsi opuma pantchito. Mnzathu wina ankatumiza za kadyedwe kotchedwa keto: kusiyiratu nsima, mpunga, kachewere, buledi ndi shuga, n'kumadya mazira, mapeyala, mtedza, nyama ndi masamba. Ankalimbikitsanso kusala kudya kuyambira madzulo mpaka masana a tsiku linalo, ati thupi likasowa zimenezi limayamba kudya mafuta ake. Zinandimvekera, popeza ndi sayansi. Nkhuku ndinali nazo, mapeyala ndi mpiru sizivuta kuno. Ndinayamba mu Okutobala, osafunsa dokotala aliyense, mapilisi ndikumwabe onse awiri. Safunsa anadya phula.

Vuto linali mbale ya alamu. Ndinkailandira ndi manja awiri, n'kunamizira kuti ndidya bwino lino, ndangomwa tiyi. Akachoka ndinkadya ndiwo zokha, zinazo n'kukataya kudzala. Ndinachita zimenezi masabata atatu. Lachinayi lina anabwerera msanga kudzatenga mbale, nandipeza ndili kudzalako, kachewere wawo akugubuduka paphulusa. Tinayang'anana. Akanandikalipira bwenzi nditaulula, koma sanatero. Anatola mbale zawo n'kumapita, ndipo mawa lake masana anadutsa popanda wogogoda.

Munthu wa kuno akudziwa tanthauzo la kutaya chakudya cha mnzako: ndiye kuti ukumuganizira kuti wathiramo mankhwala. Inenso ndinkadziwa. Kangapo ndinavala jekete kuti ndikapepese, koma kupepesa kunkafuna kuti ndinene chifukwa chake, choncho ndinkavulanso.

Thupi lokha linkayenda bwino. Ludzu linatha, maso anayera, lamba ndinaboola mabowo awiri atsopano. Kuchipatala mu Disembala anesi anandiyamikira ataona sikelo, ine osawauza za kusala kudyako. Koma pamudzi kuonda sikuyamikidwa. Amayi pachitsime ankatsitsa mawu ndikamadutsa. Kumphakati, kumene akhristu a m'dera lathu timakumana kupemphera, ndinasiya kupita, chifukwa mapemphero akatha pamabwera thobwa ndi mbatata, ndipo kukana kawiri katatu kumaoneka mwano. Pamaliro ndinkanyamuka chakudya chisanafike. Khirisimasi ndinadya mazira awiri ndi peyala, nditakhala patebulo loti kale tinkakhalapo anthu anayi, uku ndikumva kuseka kwa alamu ndi zidzukulu zawo kuseri kwa mpanda. Ndinasungulumwa kuposa chaka chimene ndinaika mkazi wanga, chifukwa nthawi imeneyo anthu ankabwera.

Mu Febuluwale mchimwene wawo wa a Felista, amene ndi mwini mbumba, anaima panjira osalowa n'kundiuza kuti tikakolola tidzakhale pansi tikambirane za kwathu ku Mayani. Chimene ndinkathawa chija chinandipeza ndithu, ndipo ndinachiitana ndekha.

Lenti itayamba ndinawonjezera kusala. Ndinkati ndikupha mbalame ziwiri, kulapa ndi kuchiza thupi. Lachisanu la sabata yachitatu ndinali ndisanadye chiyambire Lachinayi masana, koma m'mawa ndinamwa mapilisi onse ndi tiyi wopanda shuga. Masana ndinapita kutchalitchi ku mapemphero a Njira ya Mtanda. Pogwada ndi kudzuka ndinayamba kutuluka thukuta, chonsecho kunja kunali kamvula kowaza. Pobwerera, pakanjira kodutsa m'minda ya chimanga, manja anayamba kunjenjemera, miyendo inalobodoka, ndinakhala pansi m'matope. Anthu ochokera kutchalitchi ankandidutsa. Ndinayesa kuitana koma lilime linalemera, mawu ankatuluka ngati a munthu woledzera. Ndinamva mayi wina akuti, "Aphunzitsi ayamba kachasu, m'Lenti muno!" Anzake anaseka n'kupitirira. Zimene zinatsatira sindikuzikumbuka.

Ndinatsitsimuka ndili pabedi kuchipatala cha mishoni, dilipi ili pamkono. Ndinamva pambuyo pake kuti a Felista, amene ankabwera kumbuyo, ndiwo anaima. Anati zaka zonsezi sanandionepo ndikulawa mowa, ndiye anaitana wa kabaza wa njinga yamoto, iwo n'kukhala kumbuyo atandigwirira. Anesi anapeza buku langa m'thumba la jekete, anandibaya chala, napeza kuti shuga watsikiratu. Ndili chigonere ndinawamva akufunsa kuti, "Owasamalira ndinu? Adya liti bambowa?"

"Sindikudziwa," anayankha alamu. "Zanga amataya kudzala."

Anesi anawafotokozera zonse zimene zinali m'bukumo, ine ndikumva, maso nditatseka dala chifukwa cha manyazi. Anati tikanachedwa pang'ono bwenzi tikukamba zina.

Ndinagona m'chipatalamo masiku atatu. M'mawa uliwonse ankatiyeza shuga tisanadye, kenako kudikira adokotala, kenako kudikira mankhwala. Wodwala aliyense amafunika womudikirira, ndipo a Felista anatsala, akuphika kukhitchini ya odikirira odwala pamodzi ndi amayi ena. Ankabweretsa chakudya, kuika pakabati, n'kutuluka. Adokotala atamva za kadyedwe kanga sanandinyoze. Anati, "Kuchepetsa nsima ndi kachewere kwakuthandizani, thupi latsika bwino. Koma thupi likatsika mankhwalanso amayenera kutsika, ndipo wotsitsa ndi ife. Kapilisi kakang'ono kaja pamimba yopanda kanthu kakanakuphani." Anandisiyitsa kakang'onoko, anandiletsa kusala tsiku lathunthu, nandiuza kuti ndiziyenda ndi maswiti awiri m'thumba.

Tsiku lotuluka, tikudikira buku langa pabenchi, ndinawapepesa alamu ndipo ndinawauza chimene ndinkaopa. Iwo anati, "Miyezi isanu, alamu. Anthu akhala akunena kuti ndinakudyetsani mankhwala kuti ndilande nyumba ya mng'ono wanga, n'chifukwa chake mukuonda. Kudimba ndimalima ndekha, anzanga anandithawa. Inu mumadziwa chilungamo, muli phee."

Zimenezo sindinkazidziwa. Nthawi yonseyi ndinkadzimvera chisoni kuti ndili ndekha, osadziwa kuti kuseri kwa mpanda ndasiyanso munthu wina yekha, munthu amene anandiimirira pamene ndinalibe wondiyankhulira. Ndinalira pabenchipo, odwala anzanga akuyang'ana. Lamulungu lotsatira ndinapita kumphakati, ndinaimirira n'kunena ndekha kuti ndili ndi shuga, kuti kuondaku ndinakufuna dala, ndi kuti alamu anga sanandilakwire kanthu.

Tsopano chatha chaka ndi miyezi iwiri. Ndimapita kuchipatala tsiku limene andilembera, ndimamwa pilisi limodzi, shuga wakhazikika, ndipo ndabwerera kuwerenga Mawu. Ndimadya katatu: mazira kapena mtedza m'mawa, masana ndiwo zambiri ndi kamtanda kamodzi ka mgaiwa, madzulo zopepuka dzuwa lisanalowe. Kachewere ndimalawa pa Khirisimasi. Zokambirana za ku Mayani zija tinakolola osazitchulanso, ngakhale palibe anandiuza kuti zatha.

Kwa inu amene mukumva ludzu losatha, kapena mwaona nyerere ngati ndinaonera ine, pitani kuchipatala sabata yomweyo, musadikire maso achite chidima. Mukafuna kusiya nsima kapena kusala kudya, yambani mwafunsa amene anakulemberani mankhwala, chifukwa mnzanu wa pafoni sadziwa chimene mukumwa. Ndipo amene amakuphikirani muuzeni tsiku loyamba lomwelo. Matenda a shuga amalowa m'thupi la munthu mmodzi, koma amakhudza aliyense amene amakupatsa mbale.

Mbale ya alamu inayambanso kubwera nditangotuluka m'chipatala, koma nthabwala sizinabwere nayo. Ankakhala pakhonde mpaka nditamaliza, kuyang'ana m'mbale, n'kumapita. Sindinadandaule, ndinadziwa kuti ndinazifuna ndekha. Mwezi wathawu, akuvundikira mbale zawo, anandiyang'ana pamimba n'kupukusa mutu.

"Koma alamu, mimba ija munachira liti, mwanayo osationetsa?"

Ndinaseka mpaka kutsamwa. Iwo sanaseke kwambiri, koma tsiku limenelo anakhala pakhonde mpaka dzuwa litapendeka.