Ndakatulo ya chipale chofewa panjira ya ku Njuli

Felisiano mnzanga, lero ndasangalala ngati mwana. Mdzukulu wanga wabwera ndi ndakatulo ya Chingerezi yonena za chipale chofewa chimene chimagwa kumaiko ozizira, yomwe ija inatizunza m'ma 1950 tikukonzekera mayeso a ku sekondale.

Ukukumbuka tili pa tchuthi, tikuyenda wapansi kupita ku Njuli? Ndinadandaula kuti, "Tifotokoza bwanji za chipale chofewa pomwe sitinachionepo?" Iwe unaima pakati pa msewu n'kunena kuti, "Zisiye za chipalezo. Tamvera mmene mawuwa akukokera, ngati nyimbo ya pamaliro. Wolembayu waferedwa." Ndinawerenganso mokweza, ndipo ndinamvadi. Tinathamanga tikulakatula mofuula mpaka amayi osenza nyemba anatipatukira. Mayeso tinakhoza tonse awiri, koma unandiposa pang'ono, ndipo sunaleke kundikumbutsa zimenezo ngakhale uli gone m'chipatala. Usa mumtendere, mnzanga.