Khosi la Juzi ya Tikondane

Padoko lina la ku Chilwa, mbali ya Phalombe, pali mwamuna amene amaluka majuzi. Dzina lake ndi Fletcher Makina. Amakhala pa bwato lakale limene linasiya kulowa m'madzi, miyendo atatambasula, masipoko awiri a njinga ali m'manja, ulusi ukutuluka m'kathumba ka shuga. Asodzi amalimbirana zipewa zake, pakuti mphepo ya Juni pamadzi paja ilibe chibale. Koma majuzi ake anthu amawadandaula chinthu chimodzi, khosi. Khosi limakhala lalikulu ngati kukamwa kwa ndowa, mwana akavala phewa limodzi lili pamtunda. Azimayi ogula amamuuza, iye amavomera ndi mutu, mawa n'kuluka ina yotero yomwe. Ena amati ndi liuma, ena amati mutu suyenda bwino. Onsewo amangolankhula poti pakamwa salipira msonkho, palibe anakhalapo naye pansi n'kumufunsa.

Fletcher anabadwira kunyanja komweko. Sukulu anailekera Sitandade 4, manja ake anakulira pa ukonde. Bambo ake anamuphunzitsa chinthu chimodzi chokha, ndipo ankachibwereza tsiku ndi tsiku: ukamanga mfundo, manga zoti nsomba isapeze potulukira. Mnyamatayo anamva. Pofika zaka makumi awiri, asodzi a madoko ena ankabwera ndi maukonde awo ong'ambika kudzafuna iye, chifukwa mfundo ya Makina inkatha ndi ukonde womwe.

Mtsikana wina dzina lake Jenifer, wochokera kwa Kaduya, ankabwera padokopo ndi dengu la zipewa ndi masokosi oluka yekha. Luso limeneli analiphunzira kwa amayi a kutchalitchi. Fletcher anagula chipewa. Sabata yotsatira anagula china. Atabwera kudzagula chachitatu, mtsikanayo anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Kodi achimwene, mitu muli nayo ingati?"

Chaka chisanathe anakwatirana, ndipo Fletcher anapita chikamwini monga mwa mwambo wa kumeneko, kukakhala pamudzi pa mkazi. Ndi ndalama za matemba ake anaumba njerwa, anakhoma malata, anadzala mango anayi pabwalo. Nyanja itaphwa chaka chija anthu ankayenda pansi pamene kale pankadutsa mabwato, anagulitsa ukonde n'kugwira khasu, nalima chimanga, chinangwa ndi nandolo m'munda wa apongozi ake. Sanadandaule. Jenifer anali atamulukira juzi yofiirira chaka choyamba cha ukwati, ndipo ankaivala kumunda, kumaliro ndi kutchalitchi komwe, mpaka anzake anamutcha Juzi Imodzi.

Mwana anabadwa mmodzi yekha, wamkazi, Tikondane. Anabadwa ndi mphumu. Mphepo yozizira ya chiperoni ikatsika kuphiri la Michesi, chifuwa chake chinkalira ngati kamwana ka mphaka, maso ali tong'o, akufunafuna mpweya. Choncho juzi kwa Tikondane sinali yotchenera. Chaka chilichonse mvula isanathe, Jenifer ankasankha juzi yakutha pa kaunjika, n'kuimasula yonse, kuchapa ulusiwo, kuupachika pamtengo atamangirira mwala kunsi kuti uwongoke, kenako n'kulukira mwana yatsopano yomukwana.

Chaka chimene Tikondane anakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri, Jenifer anayamba kutaya magazi. Kuchipatala anati ndi khansa ndipo yafalikira, anamupatsa mankhwala opha ululu n'kumubweza kumudzi. Iye sanafunse zambiri. Mwezi wa Febuluwale anayamba juzi yobiriwira. Anamaliza kumsana, analuka kutsogolo mpaka pachifuwa, kenako zala zinayamba kumukanika. Tsiku lina masana anaitana mwamuna wake pamkeka pamene ankagona pakhonde.

"Abambo a Tiko, khalani apa. Gwirani singanozi."

"Ine? Anthu andiona bwanji?"

"Akuonani ndi maso. Gwirani."

Anamuphunzitsa kulowetsa singano, kukoloweka ulusi, kuutulutsa. Manja a ukonde aja sanachedwe kugwira, koma ankakoka kwambiri. Jenifer ankamumenya padzanja ndi chala chake chowonda, akuseka pang'ono chifukwa kuseka kwambiri kunkamupweteka.

"Musakoke choncho. Si ukonde uwu. Muno mukhala mwana, azipumamo."

"Nanga pakhosi timatseka bwanji?"

"Mwafulumira. Tikafika pakhosi ndidzakuonetsani."

Sanafike. Jenifer anamwalira sabata yotsatira Pasaka.

Maliro atatha, abale a mkazi anakhala pansi kugawana katundu wa malemu. Zitenje zinapita uku, mapoto uko. Singano zolukira zinagwera msuweni wina wa kwa Jenala, amene ngakhale kuluka sankadziwa. Martha, mkulu wake wa Jenifer, anatenga juzi yosathayo n'kusolola singanozo, kusiya maso a ulusi ali lendelende opanda chowagwira. Sanachite mwankhanza ayi. Martha anali ndi ana ake asanu ndi mwamuna wosagwira ntchito, ndipo kwa iye chija chinali chisanza chabe. Fletcher anachitola pansi mosamala, osachigwedeza, mtima ukumuwawa kuposa mmene unamuwawira kumanda.

Tsiku lomwelo a Goodman, atsibweni ake a Jenifer, amene anali mwini mbumba, anaitanira Fletcher pansi pa mango amene Fletcheryo anadzala yekha.

"A Makina, mwatisungira mwana wathu bwino, sitikunena kanthu. Koma mwambo mukuudziwa. Chimanga chikalowa m'nyumba tikusudzulani, Loweruka loyamba la Juni. Mukadali mwamuna inu, mukapeze banja lina kwanu."

"Nanga Tikondane?"

"Tikondane ali kwawo kale. Akhala ndi mayi ake aakulu."

"Mwanayu ndi wodwala. Chifuwa chake ndimachidziwa ndine."

"Mwana ndi wa mbumba ino, a Makina. Inu munabwera ndi chikwama."

Paja amati mkamwini asamakule mwendo. Zaka khumi ndi chimodzi, nyumba ya malata, mango anayi, ndipo munthu n'kumuuza kuti anabwera ndi chikwama. Mawuwo anali oona, n'chifukwa chake ankapweteka. Fletcher anaona kuti nyumba sangainyamule, munda si wake, mwana amukaniza. Chimene akanatha kuchita chinali chimodzi: mwanayo asalowe mu Juni ndi juzi ya chaka chatha, imene manja ake ankathera m'zigongono. Anatsala ndi masabata asanu ndi limodzi.

Anagwetsa njinga yake pansi, anazula masipoko awiri ku gudumu lakumbuyo, anawanola pamwala mpaka nsonga zinasalala. Kenako anatola maso a ulusi aja limodzilimodzi, tsiku lonse, kufikira onse atabwerera pa sipoko. Kuyambira pamenepo m'mawa ankakolola, masana ankakhala pakhonde n'kumaluka. Amuna odutsa popita kumowa sankalephera kuponya mawu.

"Alamu, chitenje tikugulireni chamtundu wanji?"

Iye sankadzutsa mutu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ulusi wobiriwira unatha atangomaliza kutsogolo, asanayambe manja. Anasanthula m'nyumba monse, koma thumba la ulusi nalonso linali litagawidwa. Anakhala pakhonde nthawi yaitali manja ali pamaondo. Kenako anavula juzi yake yofiirira ija, chinthu chokhacho chimene palibe akanamuletsa kuchoka nacho, anadula ulusi kumapeto kwa mkono n'kuyamba kukoka. Juzi imene Jenifer analuka mwezi wathunthu atangokwatiwa inatha masana amodzi. Pena ankapeza timfundo pamene mkazi wake analumikiza ulusi, tomanga mofewa, toti mwana akhoza kumasula. Pa timfundo timeneto ankaima, ndipo analira, osabisa.

Tikondane ankabwera kuchokera kusukulu n'kuima patsogolo pake atatambasula manja kuti amuyeze. Tsiku lina, bambo ake akuyeza mkono wachiwiri, anafunsa.

"Ababa, mukamaliza juziyi ndiye muzipita?"

"Eya, mayi."

"Ndiye musamalize."

"Ndimalize, ndisamalize, Loweruka lija lifika basi. Tambasula dzanja."

Lachisanu lomaliza analumikiza zidutswa zonse n'kufika pakhosi. Analuka mizere ingapo yofiirira mozungulira, n'kuima. Maso a ulusi anali pa masipoko, ndipo sankadziwa kuwachotsapo kwake osamasuka. Mayi wa kutchalitchi amene akanamuonetsa anali atapita kumaliro ku Mozambique. Kunena zoona akanatha kufunsa kwina, koma munthu amene wasekedwa masabata asanu ndi limodzi safuna kugogodanso pakhomo pa wina. Anachita zimene manja ake ankadziwa. Diso lililonse analimanga ndi mfundo ya ukonde, yokoka bwino, kuti juzi ya mwana wake isadzamasuke mpaka kalekale. Mfundo zomaliza anamanga Loweruka m'mawa, anthu atayamba kale kusonkhana pabwalo.

Kunali chiperoni tsiku limenelo, kamvula kowaza ndi mphepo yolowa m'mafupa. Mwambo sunatalike. Akuluakulu analankhula, anamuthokoza, anati kuyambira lero ndi womasuka. Noah, mkulu wake wa Fletcher, amene anabwera kuchokera kunyanja kudzamutenga, anali atamangirira kale chikwama panjinga. Fletcher anapempha kamphindi. Anagwada pakhonde, anaitana Tikondane, anamulowetsa manja onse awiri. Manja anakwana bwinobwino. Anakokera juzi kumutu.

Mutu sunadutse.

Anakokanso. Khosi linaima pamphumi, gwa, osatamuka ngakhale pang'ono. Mwanayo anali m'kati mwa ulusi, nkhope yophimbika, ndipo anayamba kuphiriphitha. Kenako kunamveka kulira kuja kwa m'chifuwa kumene Fletcher ankakudziwa kuposa munthu aliyense pabwalopo.

"Ababa, sindikupuma!"

Anaivula msangamsanga. Tikondane anakhala pansi akuwefuka, Martha akumusisita kumsana. Fletcher anayesa kumasula mfundo imodzi ndi zikhadabo, kenako ndi mano. Koma inali mfundo ya Makina. Mawu a Jenifer anamubwerera, akuti si ukonde uwu, ndipo anachita manyazi ndi mkwiyo pa manja ake omwe.

"Achimwene, kunjaku kukuipa," anatero Noah chapansipansi.

Fletcher anapempha lezala. Anadula khosi kutsogolo, kupyola mizere yake yofiirira. Anayesa ndi dzanja, sipanakwane. Anatsitsa lezala kulowa mobiriwira, mpaka m'mizere yomaliza imene Jenifer analuka yekha zala zisanamukanike. Pamenepo panalibe mfundo yoletsa, ndipo maso anayamba kuthawa, kutsika chapachifuwa iye akuona. Anawagwira ndi chala, anamanga apa ndi apo ndi kaulusi kotsala.

"Siyani alamu, ndidzasoka ine," anatero Martha, ndipo mawu ake anali achifundo.

Tikondane anakana kaye kuivala, akuopa. Bambo ake anamunyengerera, anatsegula khosilo ndi manja awiri kuti aone kuwala mbali inayo. Mutu unadutsa. Anaima pakhondepo, thupi lobiriwira, manja ofiirira, pachifuwa pali chibowo cholowa mphepo, pamalo penipeni pamene juziyo inalukidwira kuti pafunde. Fletcher anakankha njinga yake yopotoka gudumu n'kutuluka pamudzipo atavala shati yokha. Mwanayo sanalire mokweza, analibe mpweya wolirira.

Papita zaka zisanu tsopano. Chaka chotsatira mwamuna wa Martha anapeza ntchito yaulonda ku Limbe, banja lonse linasamuka, Tikondane yemwe. Pambuyo pake kunamveka kuti mwanayo anamupereka kwa wachibale wina kuti azithandiza ntchito zapakhomo, ena akuti ku Bangwe, ena akuti ku Lunzu. Fletcher anapitako kawiri. Ulendo woyamba anamuona, atatalika, akutsokomola, ndipo mwanayo anamupatsa moni wa alendo, wogwada. Ulendo wachiwiri anapeza m'nyumbamo mukukhala anthu ena.

Madzi anabwerera m'nyanja, koma iye sanagulenso ukonde. Sanakwatirenso. Kutseka khosi anadzaphunzira kwa mkazi wa mphunzitsi wina wa pafupi ndi doko, ndipo zimene zinamupweteka n'zakuti phunzirolo silinatenge ngakhale nthawi yowiritsa tiyi. Amadziwa bwino lomwe muyeso wake. Koma akafika pakhosi manja amamasuka okha, amawonjezera maso, amawonjezeranso, ndipo sawaletsa.

Mwezi wa Meyi uliwonse amasiya zipewa za asodzi n'kuluka juzi imodzi yosagulitsa. Muyeso amatengera pa atsikana a msinkhu wa Tikondane amene amadutsa padoko ndi mabeseni a matemba, amangowayang'ana mapewa, osawaitana. Ikatha amaipatsa amalonda a nsomba opita ku Limbe, ndi dzina la mwana ndi la Martha atalemba pakapepala. Ngati imafika, palibe anabwerapo kudzamuuza.

Ya chaka chino ndi ya mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri. Mayi amene anavomera kuinyamula anaitambasula, analowetsa mkono wonse pakhosi, n'kuseka.

"A Makina, apa mpakulowa anthu awiri. Mwanayo ali ndi mutu wanji?"

Fletcher anailandira, anaipinda bwinobwino, anaiika m'pepala la pulasitiki kuti isanunkhe nsomba.

"Sindikudziwa, mayi," anatero. "Koma udutsa."